Kabowo Kofiira

Kompyuta imene mkazi wanga anasiya ndi yakale kuposa mwana wathu woyamba. Ndi bokosi lafulati, loyererako ngati mkaka umene wayamba kusasa. Mabatani olembera ali pamwamba pake pomwepo, ndipo m'mbali muli kakamwa kolowetsapo disiki. Za intaneti siizidziwa. Ukaiyatsa imayamba kugogoda chapansipansi, ngati mlendo waulemu amene waima pakhomo, ndipo siisiya mpaka uipatse disiki.

Anaipeza kuntchito. Ankasamalira okalamba m'nyumba ina ku Midland, kuno kudziko la eni kumene tinasamukira, ndipo mwa anthu amene ankawasambitsa munali mkulu wina wachizungu amene kale ankaimba limba m'tchalitchi. Tsiku lina mkuluyo anamumva akuimba uku akuyala bedi, namufunsa chifukwa chimene ankaimbira mawu apansi m'malo mwa nyimbo yeniyeniyo. Iye anayankha kuti ndi waaluto, mawu achiwiri a amayi, ndipo khosi lake silidziwa njira ina. Ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Zala za mkuluyo zinali zitapindika moti limba analisiya, koma m'chipinda chake munali kompyuta imeneyi, ndipo ankaiuza nyimbo ndi chala chimodzi. Anamuphunzitsa mkazi wanga pa nthawi yopuma. Mphamvu zitamuthera mkuluyo, ana ake anapempha akuluakulu a pamalopo kuti makinawo apite kwa mayi woimba uja. Anabwera nawo pa sitima, kenako pa basi mpaka ku Balga, atawakulunga m'chitenje ngati khanda.

Kunyumba anailumikiza ku kanema wamng'ono wakale amene tinatola m'mbali mwa msewu, pa nyengo imene anthu kuno amatulutsa katundu wotha ntchito kuti adzatengedwe. Pagalasi pankaoneka mizere inayi yotsika, yodzaza zilembo ndi manambala. Iye manotsi achizungu aja okhala pa zingwe sankawadziwa. Ankadziwa do, re, mi, monga tinaphunzirira kwathu, ndipo ankatembenuza yekha m'mutu n'kumadina mabatani, milomo ikuyenda. Mawu ake a makinawo anali ngati a limba laling'ono logwidwa chimfine. Komabe ankatuluka onse anayi, sopulano, aluto, tenala ndi besi, ndipo iye ankatha kumva ngati akugwirizana asanakavutitse nawo anthu a kwaya.

Ine sindinaphunzire. Ndinkaona kuti zimenezo ndi zake, monga mmene kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba kanalili kanga. Ankandiitana pokhapokha akafuna khosi.

"Bambo, tabwerani muyese apa," ankatero.

Ndinkasamba m'manja, n'kuima kumbuyo kwa mpando wake, n'kuimba tenala mmene wandiuzira. Akagwedeza mutu ndinkabwerera ku mpiru wanga.

Nyimbo zambiri zimene ankaikamo zinali za m'buku. Imodzi yokha anaipeka yekha, yothokoza Mulungu posunga anthu ake kutali ndi kwawo. Anaiphunzitsa ku kwaya m'chaka chomaliza chimene anali ndi mphamvu, ndipo tinaiimba kangapo chabe matenda asanamugoneke.

Atatisiya ndinasamukira m'nyumba yaing'ono, ku Balga komweko. Kanema uja anakana kuyaka titafika, ndipo ndinamubwezera m'mbali mwa msewu pamodzi ndi mtolo wa mawaya amene sindinkadziwa ntchito yake. Kompyuta ndinaiika pamwamba pa kabati ya zovala, m'chitenje chake chomwe chija.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, mayi amene amatsogolera kwaya yathu anandipeza titaweruka, ndikupinda mipando.

"Bambo, tikufuna Lamulungu lokumbukira malemu amayi akunyumba kwanu tidzaimbe nyimbo yawo ija. Koma pali vuto."

"Vuto lanji, mayi?"

"Aluto. Sopulano tikumudziwa, besi anyamata akumudziwa, tenala muli naye inu. Koma ife aaluto tinkangowayang'ana amayi pakamwa. Iwo akakwera ife tikwera, akatsika ife titsika. Dzulo tinayesa, aliyense anatulukira kwake ngati nkhuku zothawa mvula."

Ndinati mwina angopeka wina wogwirizana ndi enawo. Anapukusa mutu.

"Nyimbo ya amayi tiiike chigamba pa mawu awo omwe? Ayi, bambo. Akapanda kupezeka aluto wawo, tidzangoimba ina ya m'buku."

Sindinawatsutse. Nyimbo za m'buku ndi zabwino, ndakula nazo. Koma ndinadziwa kuti ikapanda kuimbidwa tsiku limenelo, siidzaimbidwanso. Sopulano adzaiwalika, anyamata a besi adzasamukira kumizinda ina, ndipo ine ndidzatsala ndi tenala wanga, amene payekha si nyimbo.

Ndinakumbukira kuti mkulu wa limba uja anamukonzera mkazi wanga disiki ina yoti ukangoilowetsa, nyimbo imene wasungamo imayamba yokha, osadina kanthu. Mkazi wangayo ankaikonda posita zovala, ndipo nyimbo yomaliza imene ndinaimva kuchokera mmenemo inali yakeyo. Loweruka masana ndinatsitsa kompyuta ija, n'kuitembenuza. Kuseri kwake kunali mabowo ambiri, aatali ndi aafupi, ndi timabowo tiwiri tozungulira, kena koyera, kena kofiira. Ndinali ndi wailesi ya masipika awiri, ndi waya mmodzi wa mutu wokwana pa timabowoto. Ndinapemphera kaye mwachidule, chifukwa ndinkaopa kuwotcha chinthu. Kenako ndinalowetsa waya m'kabowo koyera.

Inagogoda, inameza disiki, inalira ngati mphero yakutali, kenako nyimbo inayamba.

Ndinakhala pansi. Sopulano ankayenda pamwamba monga ndinkamudziwira, besi akuponda pansi. Pakati panalibe kanthu. Zinali ngati nyumba imene ili ndi denga ndi simenti yapansi, koma makoma palibe. Ndinazula waya n'kuulowetsa m'kabowo kofiira. Munangomveka kampweya, fuu, basi. Ndinabwezera koyera.

Apa ndi pamene ndinayamba kuganiza, ndipo ndinaganiza monga munthu wa kwathu. Mpingo wathu umakumana m'holo yobwereka. Palibe amene analamula, koma kuyambira tsiku loyamba amayi amakhala kumanzere, abambo kumanja, monga timachitira kumudzi. Ana obadwira kuno amatiseka, n'kumakhala pamene afuna, koma ife akuluakulu miyendo imangotipititsa yokha. Choncho ndinati, ngati timabowo tiwiriti tikanakhala togawana mawu, koyera kakanatenga amayi, sopulano ndi aluto, kofiira n'kutenga abambo, tenala ndi besi. Nanga mawu anayi angagawidwenso bwanji? Koma m'koyera ndinamva mayi ndi bambo ali pamodzi. Ndiye kuti koyerako ndi konyamula zonse, ndipo kofiirako ndi ka ntchito ina, mwina kolowetsera mawu kuchokera kunja. Ndinakhutira nazo nzeru zangazo.

Zinanditsalira ziwiri. Mwina mawu apakatiwo anafera m'makinamo, pakuti zinthu zokalamba zimafa chiwalo chimodzichimodzi. Kapena mwina sanawaikemo n'komwe. Aluto anali m'mutu mwake, tenala anali kuseri kwa nyumba akuthirira mpiru, ndiye akanavutikiranji kuwalemba? Ganizo lachiwirili ndi limene linkandilemera.

Loweruka lililonse ndinkaiyatsa n'kumaimba tenala wanga pakati pa awiriwo, ndikuyembekeza kuti mwina khutu likumbuka zimene linkamva pambali panga. Silinakumbuke. Munthu woimba tenala amasunga mzere wake potseka khutu kwa mnzake woyandikana naye. Ndinaimba pafupi ndi mkazi wanga zaka zambiri, ndipo luso langa lonse linali losamumvetsera.

Mumpingo mwathu muli bambo wina wa ku Zambia, wamng'ono kwa ine, wokonza zamagetsi kumigodi ya kumpoto. Amapita pa ndege, amakhala kumeneko masabata, n'kubwera kudzapuma. Akakhalapo ndiye amayang'anira zokuzira mawu, ndipo pa tiyi amamveka iye yekha. Ndinamufotokozera pang'ono, ndikuyembekeza kuti andiuza kuti zakale zimatayidwa. Loweruka lotsatira anagogoda pakhomo panga dzuwa lili pamutu, atanyamula kachikwama ka zida.

Atangoiona patebulo anaika manja kumutu.

"Imwe ba mudala! Ichi chinthu mwachichotsa kuti? Batate banali nacho ku Kitwe! Tinali kumenyana na bakulu banga pa magemu mpaka bamayi babisa waya mu saka ya unga!"

"Ya magemu iyi? Kuno imaimba nyimbo za Mulungu."

"Ndiye inatembenuka mtima. Yatsani timve."

Ndinayatsa. Anamvetsera mutu uli chopendekera, kenako anasuzumira kuseri.

"Manje waya winangu uli kuti?"

Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, za amayi kumanzere ndi abambo kumanja, ndi chifukwa chake kabowo kofiira sikangakhale ka mawu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, pakuti ndi munthu woleredwa bwino. Kenako anaseka mpaka anagwira mpando.

"Ba mudala, mwaiika mu mpingo kompyuta! Mwaipatsa na madikoni! Imwe ba ku Malawi, ngakhale magetsi mufuna ankhale mwaulemu."

"Nanga imakhala bwanji?"

"Iyi siidziwa mwamuna, siidziwa mkazi. Idziwa chabe wanu, thuu, fili, folo. Bweretsani nyuzi tiyale, niitsegule muone."

Anamasula tizitsulo tapansi n'kunyamula chivundikiro. Ndinali ndisanaonepo m'kati mwake. Munali bolodi lobiriwira, lotambalala ngati mudzi ukamauona uli m'ndege, tinjira tasiliva tikuyenda uku ndi uku. Apa ndi apo panali tizinthu takuda, tatitali, ta miyendo yambiri mbali zonse ziwiri, ngati abongololo opondedwa ndi galimoto. Analoza kamodzi ndi sikuludiraiva.

"Woimba wanu ni uyu. Tchipi ya mawu."

Ndinavala magalasi. Kanali kosaposa chala changa chapakati. Ndinamufunsa kuti kanthu kopanda mapapo kamaimba bwanji, ndipo anandifotokozera uku akupukuta fumbi ndi kaburashi. M'kati mwake muli makosi anayi. Khosi lililonse limapatsidwa kachidutswa kakang'ono ka mawu, mwina ka limba, n'kumakabwereza mosalekeza. Likakabwereza mofulumira mawu amakwera, likachedwetsa amatsika. Lililonse limaimba noti imodzi pa nthawi, monga munthu. Mawu achisanu sangalowe, pokhapokha mmodzi mwa anayiwo atakhala chete.

Zimenezi zinandikondweretsa kwambiri. Ndinkaganiza kuti makina amachita chilichonse chimene afuna, koma aka kanali ndi malire ngati ife. Kanali kakwaya ka anthu anayi otsekeredwa m'kachipinda kakuda, odikira kuti wina awapatse nyimbo.

"Manje mvetserani," anatero. "Khosi loyamba na lachinayi yatulukira ku koyera, kumanzere. Lachiwiri na lachitatu ku kofiira, kumanja. Ndiye sitiriyo yake. Bamayi banaika sopulano pa wanu, aluto pa thuu, tenala pa fili, besi pa folo, monga mu buku. Mwaona manje?"

Ndinawerenga pa zala. Sopulano ndi besi kumanzere. Aluto ndi tenala kumanja.

"Nanga pa kanema paja tinkamva bwanji onse?"

"Panali waya wa mitu iwiri wosakaniza. Muli nawo?"

Ndinakumbukira mtolo uja m'mbali mwa msewu, ndipo ndinangoti unapita.

"Koma kofiirako ndinayesa," ndinatero. "Munalibe kanthu."

"Ndiye chamene nifuna kuona. Kapena tchipi yafa mbali imodzi, kapena ni msewu chabe. Ngati ni tchipi, ba mudala, sinizakunamizani, kuipeza ni nkhani ina."

Anatulutsa waya wake wa mitu iwiri, woyera ndi wofiira, n'kulumikiza ku wailesi. Anayatsa makinawo ali chitsegukire. Sipika ya kumanzere inayamba kuimba, ya kumanja ili duu. Anagwira kabowo kofiira n'kukagwedeza pang'ono. Kanagwedera ngati dzino la mwana. Atakakanikiza ndi chala, sipika ya kumanja inakhosomola, ndipo kwa kamphindi ndinamva mawu awiri akudutsa, kenako zii.

Apa nthabwala zinamuthera.

"Balimo," anatero chapansipansi. "Mtovu unang'ambika pansi apa. Kapena posamuka panakokeka waya."

Anazimitsa, anatembenuza bolodi, anatenthetsa kachitsulo kake kowotcherera. Kautsi kopyapyala kanakwera, konunkhira ngati utomoni wa paini. Ntchito yake inali yaing'ono kwambiri, kadontho kamodzi konyezimira. Pamene kankazizira ndinamufunsa chifukwa chimene anthu opanga makinawo anaikira woyamba ndi wachinayi mbali imodzi, osati woyamba ndi wachiwiri.

"Siniziba. Kapena banaona kuti ba pakati bamvana."

Mpaka lero funso limeneli limandibwerera ndikamayendetsa galimoto yonyamulira katundu kuntchito ku Kewdale. Amene anagawa choncho sankaganiza za kwaya. Mwina zinangomuyendera bwino pojambula tinjira tija. Sindikudziwa, ndipo ndasiya kufulumira kunena kuti chinthu chinalakwika chifukwa choti sichinakhale mmene ife timakhalira.

Anatseka chivundikiro, natenga sipika imodzi kukaiika pafupi ndi zenera, ina pafupi ndi chitseko. Anakoka mpando n'kuuika pakati.

"Nkhalani apa. Osati pambali, pakati."

Nyimbo inayamba, ndipo makoma a nyumba ija anabwerera. Mawu sankachokera m'bokosi limodzi monga pa kanema paja. Ena anali kudzanja ili, ena kudzanja ili, ine pakati, monga mmene zimamvekera ukaima m'kwaya mwenimwenimo. Itatha anaweramira kuseri kwa wailesi n'kuzula waya woyera.

"Manje mverani ba kumanja beka."

Anatsala awiri, aluto ndi tenala. Ndinali ndisanawamvepo okha chotero. Ankayenda moyandikana, wina pamwamba pang'ono, nthawi zina n'kutalikirana, n'kubwereranso. Ndinkatsatira tenala m'mutu, pakuti ndimamudziwa ngati njira ya kuntchito. Tinafika pa mzere wachitatu, pa liwu lakuti "kutali", pamene onse amakoka noti yaitali. Pamenepo tenala wa m'makinamo anasiya msanga. Anangoti zii, ena asanamalize. Ndipo pomwe anasiyirapo, aluto anatsika n'kutenga noti yake ija, n'kuigwira mpaka tenala atalowanso.

Ndinapempha kuti abwereze. Zinachitikanso chimodzimodzi.

Ine mpweya wanga ndi waufupi kuyambira ubwana. Pa liwu limenelo ndinkapuma mobisa nthawi zonse, ndikuganiza kuti m'gulu palibe akudziwa. Pondiphunzitsa mkazi wanga sananene kanthu, sanandiuze kuti apa mupume kapena apa mukoke. Anangomva pamene ndimathera, n'kulemba aluto wake kuti azifika pamenepo. N'chifukwa chake amayi aja ankasochera pa mzere umenewo. Khutu limayembekeza kuti aluto akhala pamene ali, koma iye amatsika kudzagwira ntchito ya munthu wina.

Mnzanga uja anayamba kulongedza zida zake mosapanga phokoso. Ndinamupatsa madzi ozizira, ndipo tinakhala pakhonde mpaka kamphepo ka kunyanja kanayamba kugwedeza masamba a bulugamu.

Pa tsiku lokonzekera nyimbo tinanyamula zonse kupita nazo kuholo. Mnzanga uja anaika masipika kutsogolo, ina kumanzere, ina kumanja, nazula woyera uja. Amayi aaluto anali atakhala kale mbali yawo. Nyimbo itayamba, onse anatembenuzira makosi kumanja.

"Iii, amayi akuimbira kwa abambo!" anatero mmodzi.

"Nisinthe mawaya, babwere kwanu?" anafunsa wa ku Zambia uja.

"Asiyeni pomwepo," anayankha mtsogoleri wa kwaya. "Ali ndi amuna awo. Tiyeni ifeyo tiwatsatire."

Ananyamula zikwama zawo n'kuwoloka kanjira kapakati, akuseka ngati atsikana, n'kudzakhala pa mipando ya abambo mozungulira sipika ija. Anabwereza mzere wachitatu kambirimbiri. Poyamba ankakana kutsika, khosi likuwakokera kumene linazolowera. Mtsogoleriyo anaimitsa nyimbo n'kundiyang'ana.

"Bambo, kodi apa amayi ankatsikiranji? Zikukhala ngati alowa m'munda mwa eni."

"Ndi munda wanga, mayi. Ndimapuma pamenepo."

Anatembenukira kwa anzake.

"Mwamva? Tikapanda kutsika, bambowa agwa. Tiyeni, kuyambira pa mzere wachiwiri."

Lamulungu lokumbukira lija kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo zitseko za holo zinali zotsegula. Kompyuta sitinabwere nayo, inatsala kunyumba patebulo, mawaya onse awiri ali m'malo mwake. Tinaimirira kutsogolo, mtsogoleri anapereka noti, tinayamba. Mzere woyamba unadutsa, wachiwiri unadutsa. Pofika pa "kutali" ndinakoka mpaka pamene ndimathera, ndipo sindinabise monga kale. Ndinatseka pakamwa n'kupuma bwinobwino, khutu lili kwa amayi aja. Anatsika onse pamodzi, naigwira noti yanga mpaka ndinalowanso.